Bwana watchena kumutu, nkhunda yataya chala

Munthu wa m'tauni akaona nkhunda ikutsimphina pamsewu, zala ziwiri palibe, amakwinya nkhope n'kugamula kuti mbalamezi n'zauve, zimadwala poponda zitosi zawo zomwe. Mlandu watha. Woweruzayo amaponya pepala la chipisi pomwepo n'kumapita. Komatu pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2019, akatswiri a ku Paris, motsogozedwa ndi Frédéric Jiguet, adayendera malo 46 mumzindawo n'kuyang'ana mapazi a nkhunda 1,250. Adapeza kuti zopunduka zimachuluka kodzaza anthu, kwa utsi ndi phokoso, komanso, gwirani mitu yanu, kumene kuli masaluni ambiri. Tsitsi losesedwa kapena ulusi umakulunga chala, nkhunda ikamayenda mfundo imalimba, mlomo umakanika kumasula, magazi amaleka kufikako, chala chimauma n'kuthothoka. Bwana amatuluka m'saluni akudzisisita kumutu, n'kuipsepsezera mbalame imene yamulipirira ndi phazi.

Ena anena kuti ndikuikira kumbuyo zigawenga zoipitsa zipilala ndi masuti a anthu. Zoona, zitosi si mafuta onunkhira. Ku London, Ken Livingstone ali meya adazitcha makoswe a mapiko, ndipo mu 2003 kuzidyetsa pa Trafalgar Square kudaletsedwa. Venice idachitanso chimodzimodzi mu 2008. Koma adaziitana m'tauni ndani? Makolo a nkhundazi anali ziweto zathu, tinkazituma makalata, tinkazidyera nsima, ndipo lero zimanenepa ndi nyenyeswa zomwe timamwaza tokha. Nkhani ya uve nayo ikafufuzidwa imatembenukira mwini wake. Kafukufuku wa ku New York wa mu 2016 adaonetsa kuti madera omwe nkhunda zinali ndi mtovu wambiri m'magazi ndi omwewonso ana ankapezeka nawo wochuluka. Mbalameyi sipita kutali ndi kwawo, imapuma mpweya womwewo n'kutola fumbi lomwelo, choncho woinyoza ndi woinyozedwa akudwala nthenda ya mudzi umodzi.

Kwathu kuno ambiri tsitsi lenileni salitaya mwachisawawa, poopa kuti wina angalitole n'kukachitira zakezake. Koma meshi wakale mfiti ilibe naye ntchito, ndiye amangouluka m'misika ndi m'ngalande mpaka atakola mwendo wa kanthu. Mwayi wa nkhunda zathu ndi umodzi basi: mphika umazipeza zala zikadali zonse.