Benz ya Malume ndi Batire Lomwe Silinabedwe

Kwathu kuno ku Lizulu mukafunsa za munthu amene anakasumira mlonda wosalakwa kwa anyakwawa, ngakhale mwana akulozerani pakhomo panga. Ndiye kuli bwino ndifotokoze ndekha, ena asanathiremo mchere wambiri.

Malume anga amagwira ntchito ku Johannesburg. Mu Disembala 2019 anabwera ndi Mercedes-Benz yakuda, ya mtundu wa E-Class, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pa chipata cha Dedza. Analipira msonkho, naikitsa nambala ya NU kuti aliyense pamsewu wa M1 adziwe kuti mwini wake ndi Mngoni wa ku Ntcheu. Chaka chatsopano chitalowa anaitsekera m'galaja, pafupi ndi matumba a mtedza a azakhali, nabwerera pa basi. Ankati abweranso pa Pasaka. Koma kumapeto kwa Malichi 2020 dziko la South Africa linatseka zipata chifukwa cha Covid-19, ntchito inavuta, ndipo Pasakayo inatalika mpaka 2022.

Mu Ogasiti chaka chimenecho foni inalira.

"Mphwanga, ndikubwera ku Umhlangano. Ndikufuna ndikafike ku Nkolimbo pa galimoto yanga. Ukaitane makanika ku boma aione."

"Wawa malume, musadandaule."

Ndalama ya makanika inabwera tsiku lomwelo. Apa m'pamene Satana anandinong'oneza. Ine ndinakhalapo kondakitala wa minibasi ya pakati pa Ntcheu ndi Dedza. Ndinakankhapo galimoto pa Mlangeni mvula ili pamsana, ndinamangapo batire ndi lamba wa chubu. Ndiye ndipereke ndalama kwa munthu wina kuti angopotokola kiyi? Ndalamayo ndinagulira nsapato.

M'mawa mwake ndinafika pagalaja ndi sipanala m'thumba. Ndinadina limoti, zii. Ndinapita kumsika kukagula kabatire katsopano ka limoti, ndinadinanso, zii. Ndili thukuta kamukamu, kamdzukulu ka azakhali ka sitandade 6 kananditenga limotiyo m'manja, n'kusolola kakiyi kachitsulo kobisika m'kati mwake. Chitseko chinatseguka. Ndinakauza kuti ndimangokayesa nzeru.

Nditatsegula boneti mtima unangoti phwii. Paliponse zivundikiro zapulasitiki, batire osaoneka. Ndinasuzumira uku, ndinapapasa uko, mpaka ndinakuwa kuti atibera. Ndipo wakuba angakhale ndani kupatula mlonda, bambo wachikulire amene wakhala akugona pakhonde la galajalo usiku uliwonse? Madzulo omwewo tinali pabwalo la anyakwawa. Ndinayankhula mwaluso, anthu n'kumagwedeza mitu. Mlondayo anangodikira ndimalize, kenaka anati, "Wawa mfumu, ine ndinalipo pamene bwana ankamasula waya wa batirelo. Lili kumbuyo, m'buti, pansi pa kapeti. Anamasula waya wakuda okha, anati kuti moto usamathe."

Bwalo lonse linanyamuka kukaona. Batire linali phee pamalo pake. Anyakwawa anagamula kuti ndipereke nkhuku ya chipepeso, ndipo tambala wa mayi a kunyumba anapita usiku womwewo.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinalumikiza waya uja, n'kupotokola kiyi. Ngakhale kanyali kamodzi sikanayake. Sindinkadziwa kuti batire limadzidya lokha pang'onopang'ono ngakhale mulimasule, ndipo likakhala lopanda moto kwa zaka limafa osadzukanso. Chomwe ndinkadziwa ine n'choti galimoto ikakana kulira imakankhidwa. Ndinasonkhanitsa anyamata onyamula matumba a kachewere pamsika, ndinawalonjeza chipisi, ine n'kukhala pampando wachikopa. Ndinafufuza kilatchi ndi phazi lamanzere, kulibe. Ndinakoka giya, yakakamira pa P. Anyamata anakankha mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka, galimoto osasuntha ngakhale pang'ono. Mmodzi wa iwo anafunsa mwaulemu ngati ndinachotsa handibuleki. Ndinafufuza pambali pa mpando, nayonso kulibe. Chipisi anadya ndithu.

Kenaka ndinakumbukira batire la sola la azakhali. Ndinalinyamula iwo ali kudimba, n'kulilumikiza ndi mawaya opyapyala a nyali za m'nyumba. Nditangogwira kiyi, mawayawo anafuka utsi n'kusungunuka. Usiku umenewo azakhali anadya nsima ndi koloboyi, osandiyankhula.

Pomaliza ndinachonderera dalaivala wa minibasi, mnzanga wakale, kuti abwere ndi majampa. Titangolumikiza, hutala ya akuba inayamba kulira, nyali zonse zikuphethira. Agalu anauwa mpaka tsidya la msewu, poti kuno ku Lizulu ukangodumpha tala wafika ku Mozambique, ndiye manyazi anga anamveka maiko awiri. Hutala itatonthola ndinapotokola kiyi. Injini inakhosomola, inanjenjemera, inalira pang'ono, ine n'kuponda mafuta mpaka pansi kuti anthu amve. Kunabwera fungo la mtedza wokazinga, kenaka la pulasitiki yopsa. Pansi pa boneti panatuluka khoswe wonenepa, ana ake pambuyo, ndipo injini inazima. Pa dashibodi panatsala nyali zofiira ndi zachikasu ngati m'sitolo pa Khirisimasi.

Nsapato zija ndinagulitsa motchipa, n'kuitana makanika wa ku boma. Anafika pa kabaza wanjinga yamoto ndi kachikwama ka zida ndi kamakina kowerengera kompyuta ya galimoto. Anayeza batire nati lamoyo limaonetsa mavoti 12.6, koma ili n'loyenera kukasinthanitsa ndi mabeseni. Anatsegula bokosi la sefa ya mpweya, m'kati muli makoko a mtedza ndi nsanza za thumba, chisa chenicheni. Anandionetsa mawaya omwe makoswe anatafuna, ena atakhudzana n'kupsereza mafyuzi pamene ndinalowetsa moto. Ananunkhiza m'thanki n'kukwinya nkhope.

"Achimwene, petulo amawola. Komanso wathu kuno amasakaniza ndi ethanol wa ku nzimbe, za ku Dwangwa zija anayamba kale mu 1982. Ethanol amakoka chinyontho, ndiye thanki ikakhala zaka pansi pake pamadikha madzi. Inu mwapopera zonsezo mu injini, mafuta a injini nawonso ali okalamba, atatsikira pansi onse."

Anandiwerengera zomwe zikanachitika ndikanamuitana poyamba: kuona mawaya ndi sefa, kukhuthula petulo wakale, kusintha oyilo, kupopa matayala omwe anali ataphwatalala mbali yokhala pansi, kuona mabuleki omwe anagwira dzimbiri, ndiyeno batire latsopano, waya wofiira poyamba, wakuda pomaliza. Ikalira, kuisiya iziyenda yokha pang'onopang'ono, osaiponda. Zonsezo zikanatha tsiku limodzi. Tsopano pankafunika pampu ya mafuta ndi mtolo wa mawaya zochokera ku Joni. Ponena za handibuleki, anandilozera kachopondera kakang'ono kumanzere kwenikweni.

Malume anatsika basi kutatsala tsiku limodzi kuti mwambo uchitike. Anazungulira galimoto yawo manja ali kumbuyo, anamva za mlonda, za tambala, za sola. Sanakalipe, ndipo zimenezo n'zomwe zinandipweteka kwambiri. M'mawa mwake anavala nyoni yawo kumutu, chishango ndi chibonga m'manja, n'kukwera kumbuyo kwa lole ya kabichi pamodzi ndi ife tonse. Ku Nkolimbo, kumene Angoni a Maseko amakumbukira Gomani Chikuse yemwe anaphedwa ndi atsamunda mu 1896, malume anavina ngoma fumbi kobo pamaso pa Inkosi ya Makhosi Gomani V. Aliyense wowafunsa za Benz ankamuyankha kuti, "Funsani injiniya wathu uyo."

Asanabwerere anasintha maudindo. Makiyi anapereka kwa mlonda uja, kuti makanika azibwera mwezi uliwonse kudzailiza ndi kuiyendetsa mpaka pa Biriwiri. Mtedza unasamukira kunkhokwe. M'galaja anaikamo mphaka, ndipo ndalama ya usipa wake imabwera pa foni mwezi ndi mwezi osaphonya. Ntchito yanga ine ndi yokagula usipawo kumsika, ndipo azakhali amafuna chenji.