Ilala yanga ya kudenga

Sabata yatha ndinalowa m'shopu ina pa Monkey Bay pano kukagula sopo, maso n'kugwera pa botolo la vinyo. Nditaona mtengo wake ndinayesa alembapo nambala ya foni ya mwini shopu. Kugula sindikanagula, komabe mtima unawawa, monga umawawira ukamva kuti mtsikana amene anakukana kalekale wakwatiwa ndi mwini minibasi.

Ndili m'njira ndinaima chilili. Inetu ndine mpondamatiki! Mu 2017 alamu anga anabwera kuchokera ku Joni ndi botolo la vinyo wofiira limene abwana awo anawapatsa pa Khirisimasi. "Alamu, ine chipembedzo sichilola, tengani inu akutchalitchi." Ndinali nditamva kwa azungu odzaona nyanja ku Cape Maclear kuti vinyo akamakalamba amakoma, mtengonso n'kumakwera. Ndiye ndinalibisa pamwamba pa khoma, kunsi kwa malata, kutali ndi anzanga apabawo, n'kulitcha Ilala. Pajatu sitima ya Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, n'kuyamba ntchito panyanja yathu mu 1951, ndipo kwa zaka zoposa 70 yanyamula anthu, mbuzi ndi matumba a usipa mpaka ku Likoma ndi ku Chilumba. Ndinati botolo langa likhalanso nkhalamba yogwira ntchito. Kenako ndinaliiwala.

Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu 2022 ndinalira ngati wina aliyense. Itagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndinagona ndi nsapato. Osadziwa kuti pamutu panga penipeni pakocheza sitima yodzaza chuma.

Kufika kunyumba ndinagadabuza mtondo n'kukwerapo.

"Abambo, kudengako mukusaka makoswe?"

"Mayi, yalani mkeka. Ilala ikulowa padoko."

Inatsika itavala fumbi, ndowe za nalimata, ndi chisa cha mavu pakhosi. Ndinaitana aneba amene anagwirapo ntchito pabala ya loji ina ku Chembe, kuti andiuze ngati ndigule bwato la injini kapena ndiyambe ndi njinga yamoto. Analitembenuza botolo lija, n'kuyang'ana malata, n'kundiyang'ana ine ngati munthu wobwera kudzapepesa maliro.

"Achimwene, vinyo wokoma ndi ukalamba alipo, koma ndi wowerengeka, ndipo abwana sapatsa wantchito. Uyu ndi wa tsiku ndi tsiku, womwa chaka chimodzi kapena ziwiri zisanathe. Ngakhale wodulayo amamugoneka cham'mbali, mumdima, pozizira madigiri 13, kuti chitsekerero chizikhala chonyowa. Inu mwamuimika ngati msilikali pansi pa malata a ku Monkey Bay, kumene mu Okutobala nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Chaka chilichonse mwakhala mukumuphika. Chitsekerero chikauma mpweya umalowa, vinyo n'kusanduka viniga."

Ndinawauza kuti nsanje si yabwino, nayonso Ilala anthu akhala akuilosera imfa. Chotsegulira tinalibe, tinagwiritsa ntchito msomali ndi pulayazi. Chitsekerero chinafumbutuka ngati chigumu cha dzana, theka n'kumira ndi anthu ake onse. Zimene zinatuluka sizinali zofiira, zinali ngati madzi a mu Shire mvula itagwa kumtunda. Fungo lake galu wathu anadzuka n'kukagona kuseri.

"Kupha sakupha," anatero aneba, "koma yambani inu eni sitima."

Ndinamwa. Nsagwada zinagwirana, khutu limodzi linatseka, ndipo ndinamvetsa bwino nkhani ya vinyo wosasa wa pa Gologota. Agogo athu ogoma uchema anali ochenjera: m'mawa umatsekemera, mawa lake wasasa, ndiye ankaumwa tsiku lomwelo, osaumangira chiyembekezo.

"Iyi si Ilala," anatero aneba akupukuta misozi ya kuseka. "Iyi ndi Chauncy Maples." Ankanena sitima ija inapangidwa ku Glasgow mu 1899, imene yakhala zaka zambiri itangokhala padoko pano, anthu n'kumaiyamikira ukalamba basi.

Koma ine ndinapusa ndekha, ndi mphatso yaulere. Pali aphunzitsi opuma ntchito amene anamvera malangizo onse: osamwa, osadya zonona, kusunga kwacha kubanki zaka 30 kuti adzamange kanyumba. Ndalama zawo sanaziike pansi pa malata, koma zinasasa usiku umodzi ndi chilengezo chapawailesi, ndipo palibe anapita kukawapepesa. Viniga wanga bola amanunkha, umadziwa kuti waonongeka.

Mayi a ana anayesa kum'patsa mnyamata wapachiwaya kuti azithira pa tchipisi. Ananunkhiza, n'kunena kuti makasitomala ake sanamulakwire. Tinakathira pachulu.

Botolo lokha analitsuka, ndipo ndi limene tikuguliramo mafuta ophikira. Ilala yabwerera pantchito, imayenda kawiri pa sabata, kunyumba ndi kumsika. Chiyambireni sinadzazepo kufika ngakhale pakati.