Chitofu Chachikulu, Paipi Yaing'ono

Chitofucho ndinachipeza pa Facebook, chogwirapo kale ntchito koma chonyezimira, cha mapuleti asanu ndi mauvuni awiri. Chinkhoswe cha mwana wa mlongo wanga chinali pafupi, ndipo pamsonkhano wa abale ndinali nditadzipereka kale kuti zophika zonse zidzachitikire kunyumba kwanga ku Leicester. Palibe anandikakamiza, ndi pakamwa pangapa.

Gasi amene ndinkamudziwa ndi wa m'silinda wa ku Zomba uja: kugula, kumanga kapaipi ka labala, kuyatsa, basi. Kuno ku England gasi amalowa m'nyumba kudzera pa mita, n'kuyenda m'mapaipi a kopa pansi pa matabwa. Kukhitchini kunali kale kapaipi kotuluka m'khoma, ka chitofu chakale. Alamu anakagwira, nati paipi ndi paipi, bola gasi akutuluka. Alamuwa amayendetsa basi, koma akamalankhula sumaganiza zofunsanso wina.

Mtima utakhala pansi, ndinayamba ndi zokongoletsa. Ndinayala matailosi atsopano khitchini yonse, ndekha, maondo kuwawa, ndipo anagona bwino moti ndinatumiza zithunzi pa WhatsApp mpaka kumudzi. Mmisiri wa gasi ndinamuitana kutatsala tsiku limodzi kuti chinkhoswe chichitike, poganiza kuti ntchito yake ndi kungomanga nati.

Anafika, n'kuonetsa khadi lake la Gas Safe Register, kaundula amene analowa m'malo mwa CORGI mu 2009. Chitofu sanachisirire n'komwe. Anapita kumbuyo kwake, n'kuwerenga kachitsulo kolembedwa mphamvu: makilowati 16. Kenako anatulutsa tepi nayamba kulondola njira ya paipi kuchokera pa mita, akuwerenga pamene pali pokhota ponse. Ine pambuyo ndi kapu ya tiyi imene sanaifune.

Anandikhazika pansi ndi pensulo. Gasi amatuluka pa mita ndi mphamvu yokankha ya mamiliba pafupifupi 21, ndipo pofika pa chitofu asataye yoposa miliba imodzi. Anandionetsa kachubu kake kopindika ngati U, ka madzi m'kati, nati miliba imodziyo ndi kusiyana kwa sentimita imodzi yokha pakati pa madzi a mbali ziwirizo. Ndinayang'anitsitsa. Chinkhoswe chonse chinali chitakolekedwa pa kamlingo kosaposa chikhadabo.

Paipi yanga inali ya mamilimita 15, yotalika mamita 12, yokhota kasanu n'kamodzi, ndipo pokhota paliponse amawerengerapo theka la mita. Zonse pamodzi mamita 15. Paipi yotere imapititsa gasi wongopitirira pang'ono kiyubiki mita imodzi pa ola, pomwe chimchitofu changa chikayaka ponseponse chimafuna imodzi ndi theka. Kuwonjezera apo, boila yotenthetsa madzi imakoka panjira yomweyo, ndipo imadya kwambiri kuposa chitofu. Mwana akangotsegula shawa m'mwamba, moto wa pansi pa poto umagwada, monga mpopi wa kumtunda ku Bangwe anthu akumunsi akatsegula yawo. Ndipo si kuchedwa kwa nsima kokha ayi. Moto wochepetsedwa ungathe kuzima, ndipo gasi wosapsa bwino amatulutsa carbon monoxide, mpweya wakupha wosamveka fungo.

Ndinayesa kudandaula mwachimalawi. Ndinati tidzingoyatsa mapuleti atatu, ndipo tsiku limenelo m'nyumba muno sasamba munthu. Anaseka, koma anakana. Amawerengera zonse zitayaka nthawi imodzi, ndipo dzina losainidwa papepala ndi lake. Pankafunika paipi ya mamilimita 22, imene pa mtunda womwewo imapititsa gasi wochuluka pafupifupi katatu. Ndinafunsa kuti idzera pati. Analoza pansi, pa matailosi anga. Mpata wobweranso anali nawo sabata yotsatira.

Mayi a kunyumba anali chiimire pakhomo nthawi yonseyi. “Abambo, kodi simunati mwafunsa odziwa?” Ndinati ndinafunsa. “Ndani?” Apa ndinaona kuti ndi bwino kumwa tiyi uja.

Loweruka m'mamawa amayi a mvano anafika ndi masefuliya aakulu, mithiko ndi zipande, zitenje m'chiuno. Anapeza chitofu chili phee pakati pa khitchini, chitayalidwa nsalu, pamwamba pake pali mbale. Nkhuku zinakakazingidwa kwa mlongo wanga, mpunga kwa abusa, nyemba kwa mzimayi wina wa ku Zimbabwe amene sitinamuitane n'komwe kuchinkhosweko, ndipo tinachita kumuitana pomwepo chifukwa cha manyazi. Ine ndinasanduka mtengatenga, kuzungulira mzinda ndi mapoto otentha kumpando wakumbuyo. Pa raundabauti ina msuzi unatayikira, galimoto ikununkhabe anyezi mpaka pano. Nsima inafika mochedwa, ankhoswe atayasamula mokwanira.

Paipi yatsopano inaikidwa, ndipo chitofu chimayaka moto wabuluu bwinobwino ngakhale boila ikulira. Kungoti matailosi a mtundu uja anali atatha kusitolo, choncho pakati pa khitchini padutsa mzera wa mtundu wina, kuchokera pakhomo mpaka pachitofu. Alendo akafunsa za mzerawo, mayi amangoti, “Funsani aInjiniya, ali pabalaza apo.”