Chitamando cha Sabuwufa ya Pamsika

Mabuku ndi magazini okamba za zipangizo zomvetserera nyimbo atha inki yambiri potamanda masipika a mtengo wapatali, aja ogulidwa ndi anthu owerengeka okhala m'nyumba za mipanda, pamene sipika imene yatumikira anthu ochuluka koposa, yomwe imaunjikidwa m'masitolo a ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Kamwala mumzinda wa Lusaka, sinapezebe wophunzira woiimbira nthungululu. Chipangizo chimenechi, chimene ogula ndi ogulitsa omwe amachitchula kuti sabuwufa, ndi bokosi limodzi lokulirapo lokhala ndi ampu m'mimba mwake, ndiye kuti kachipangizo kokuza mphamvu ya mawu, pamodzi ndi timabokosi tiwiri tolumikizidwa ndi mawaya, ndipo yakwana nthawi yoti chilandire ulemu umene akatswiri, chifukwa cha matama awo, achimana kwa zaka zambiri.

Amene amanyoza sabuwufa amaiwala kuti ndi ya kubanja lomwelo kumene kunabadwira masipika olemekezekawo. M'chaka cha 1925 Chester Rice ndi Edward Kellogg, akatswiri a kampani ya General Electric ku America, anafalitsa kapangidwe ka sipika kamene dziko lonse likutsatabe mpaka lero: koyilo, yomwe ndi waya waung'ono wokulungidwa mozungulira, imaikidwa m'kampata ka maginito, ndipo magetsi onyamula nyimbo akamadutsa m'wayamo koyiloyo imakankhidwa ndi kukokedwa, n'kumagwedeza chipepala chokumbika pakati chimene chimakankha mpweya mpaka kukafika m'khutu. Sipika yoyamba yamtunduwu kugulitsidwa kwa anthu, Radiola 104 ya kampani ya RCA, inali pa madola 250 m'chaka cha 1926, nthawi imene ndalama yoteroyo inkayandikira mtengo wa galimoto yotchipa ya Ford. Koyilo, maginito ndi chipepala zomwezo ndi zimene zili m'bokosi la pamsika, kungoti maginito ake anachepa, waya anaonda, ndipo mtengo unatsika mpaka mphunzitsi wa pulayimale angathe kuligula mwezi umene walandira bwino.

Ukoma wake waukulu ndi kuwolowa manja polonjeza. Pa bokosi lake pamalembedwa nambala ya mawati yonga 3000 kapena 8000, m'zilembo zofiira zazikulu kuposa dzina la kampani, ndipo pambali pake pamakhala tizilembo tinayi, PMPO, toimira mawu a Chingerezi otanthauza mphamvu yapamwamba kwambiri imene chipangizo chingatulutse m'kanthawi kochepa. Kanthawiko ndi kotalika bwanji, ndipo mphamvuyo iyezedwe motani, palibe lamulo lomanga aliyense, motero wopanga ali ndi ufulu umene ngakhale alakatuli sanaupezepo, wolemba nambala iliyonse imene mtima wake wakonda. Wogula wokonda kufufuza akatembenuza bokosilo amapeza kachikwangwani kena kumbuyo, pafupi ndi pamene pamatulukira chingwe cha magetsi, konena kuti chipangizo chonsecho chimadya mawati 40 kapena 60, ndipo popeza sayansi imaphunzitsa kuti palibe makina opitiriza kutulutsa mphamvu yoposa imene akulandira, masamu a kutsogolo ndi a kumbuyo sagwirizana. Ketulo yamagetsi, imene imadyadi mawati pafupifupi 2000, imawiritsa madzi a tiyi m'mphindi zochepa, ndipo sabuwufa ikanakhala yoona pa zimene imanena, bwenzi pabalaza pakuphikidwa nsima. Ku America nkhani imeneyi inafika poipa mpaka mu 1974 bungwe la Federal Trade Commission linalamula kuti opanga ma ampu azilengeza mphamvu imene chipangizo chimatulutsa mosalekeza, yomwe pamabokosi imadziwika ndi zilembo za RMS, ndipo lamulolo, ngakhale linali ndi cholinga chabwino, linachotsa chisangalalo chambiri m'masitolo a kumeneko.

Chimene onyoza safuna kuvomereza n'chakuti bodza limeneli ndi la mtundu wosowa, losapweteka aliyense, chifukwa mawati masauzande aja palibe amene ankawafuna. Kukula kwa mawu kumayezedwa m'madesibelo, ndipo khutu la munthu ndi laumbombo kwambiri pa muyezo umenewu: kuwirikiza mphamvu ya ampu kawiri kumangowonjezera madesibelo 3, kusintha kumene munthu amangokumva pang'ono, pamene kuti mawu amveke ngati akula kawiri pamafunika madesibelo pafupifupi 10, ndiye kuti mphamvu yowirikiza kakhumi. Sipika wamba ya m'nyumba ikapatsidwa wati imodzi yokha imatulutsa madesibelo a pakati pa 85 ndi 90 pa mtunda wa mita imodzi, zomwe zaposa kale madesibelo 80 amene bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu angamvetsere kwa maola 40 pa sabata popanda kuwononga makutu. Choncho mawati 15 enieni obisika kuseri kwa 8000 olembedwa ndi okwanira kudzaza chipinda chochezera ndi kuyambitsa mlandu kwa mwini nyumba, ndipo wogula amapeza zonse ziwiri, phokoso lomukwanira ndi nambala yoti akatchule kuntchito.

Pa nkhani ya bezi, ndiye kuti mawu otsika ogunda pachifuwa, m'pamene luso la sabuwufa limaonekera mokwanira. Kutsika kapena kukwera kwa mawu kumayezedwa mu hertz, kuchuluka kwa maulendo amene mpweya ukugwedezeka pa sekondi imodzi, ndipo khutu la wachinyamata limamva kuyambira pa 20 kufika pa 20,000, pamene nsambo yotsikitsitsa ya gitala ya bezi ya nsambo zinayi imalira pa 41. Kuti sipika itulutse mawu otsika chotero pamafunika chipepala chachikulu, bokosi lalikulu lolimba, kapena ampu yamphamvu, zinthu zimene sabuwufa ya pamsika ilibe ngakhale chimodzi. M'malo modandaula, iyo imasankha malo amodzi okwererapo, kumene kachibowo kake ka kutsogolo ndi matabwa ake opyapyala zimanjenjemera pamodzi, n'kuunjika mphamvu zake zonse pamenepo, kotero kuti woimba bezi kaya akwere kaya atsike, liwu lotuluka ndi limodzi lomwelo, du du du, lofanana pa nyimbo ya kwaya, ya manganje ndi ya amapiano. Otsutsa amati kumeneku ndi kupha nyimbo, koma woganiza mofatsa angaone kuti palibe chipangizo china chimene chakwanitsa kugwirizanitsa oimba a mitundu ndi zipembedzo zosiyana pa mfundo imodzi.

Komanso mawu otsika amene iyo yalephera kutulutsa satayika. M'chaka cha 1841 katswiri wa ku Germany, August Seebeck, anaonetsa kuti khutu limatha kumva liwu lotsika ngakhale liwulo litakhala lofooka kwambiri, malinga ngati mawu okwererapo amene amayenda nalo alipo, ndipo ofufuza a pambuyo pake anatsimikiza kuti ubongo umalibwezeretsa ngakhale litachotsedweratu. Gitala ikalira pa 41, imatulutsanso mawu pa 82, pa 123 ndi kupitirira, ndipo sabuwufa imapereka amenewa, n'kusiyira mutu wa womvera ntchito yomalizitsa. Sipika yodula imachitira munthu zonse n'kumusandutsa mlesi, pamene yotchipa imamulemekeza pomuyesa mnzake wogwira naye ntchito. Ndipo pamene ubongo walephera, nyumba imathandizapo, pakuti mbale za m'kabati, magalasi a zenera losakhwima ndi malata osakhomedwa bwino zimayamba kulira pamodzi ndi nyimbo, aliyense pa liwu lake, voliyumu ikangodutsa pakati.

Za sitiriyo n'zosafunika kutalikitsa. Alan Blumlein wa kampani ya EMI ku Britain, amene analembetsa nzeru imeneyi mu 1931, ankafuna kuti masipika awiri otalikirana apatse womvera chithunzi cha malo amene woimba aliyense waima, zomwe zimatheka ngati womverayo atakhala pakati, pa mtunda wofanana ndi umene uli pakati pa masipikawo. Sabuwufa inamasula anthu ku ukapolo wokhala pampando umodzi, popeza mawaya a timabokosi take ndi aafupi mwakuti tonse tiwiri timathera pamwamba pa kabati imodzi, titagundana mapewa pakati pa maluwa apulasitiki ndi chithunzi cha ukwati, ndipo aliyense m'nyumbamo, kaya ali pakhomo kaya kukhitchini, amamva zofanana.

Pali timabokosi tina timene kutsogolo kwake kuli kabwalo konyezimira kooneka ngati twita, ndiye kuti kasipika kakang'ono ka mawu okwera, koma munthu akatsegula amapeza kuti ndi pulasitiki chabe yopanda waya uliwonse. Ngakhale pamenepa sayansi ili kumbali ya wopanga. Mu 1994 Floyd Toole ndi Sean Olive, ofufuza a kampani ya Harman, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anaonetsa kuti omvera, ngakhale ozolowera ntchitoyi, ankapereka mapointi ochuluka kwa masipika aakulu ndi okongola pamene ankawaona, koma kusiyanako kunkachepa masipika omwewo akabisidwa kuseri kwa nsalu. Ngati maso amamva nawo nyimbo, ndiye kuti twita yabodza ndi timagetsi tobiriwira ndi tofiira tothwanima kuzungulira chipepala ndi mbali ya mawu, ndipo wopanga amene waika ndalama pa zimenezi m'malo mwa maginito wangotsatira zimene ophunzira anapeza. Nawonso akatswiri ojambula nyimbo akhala akugwadira sipika yosakoma: Yamaha NS-10, imene inatuluka mu 1978 ngati sipika ya m'nyumba koma osakondedwa kwenikweni, inadzafala m'masitudiyo akuluakulu a dziko lapansi, ena mpaka kumaiphimba twita ndi kapepala kopyapyala kuti isalase makutu, chifukwa ankakhulupirira kuti nyimbo ikamveka bwino pa iyo, idzamveka bwino paliponse. Sabuwufa ya pamsika, imene imaposa NS-10 kutali pa kusakoma, iyenera kuti ndi woweruza wamkulu koposa.

Chikondi chake pa anansi sichifuna umboni wambiri kwa aliyense amene anagonapo m'nyumba za mdadada. Mawu amayenda m'mpweya mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndipo funde la mawu otsika a 50 hertz limatalika pafupifupi mamita 7, motero khoma la njerwa imodzi, limene limatchinga mosavuta mawu okwera, silikwanitsa kuletsa bezi. Woyandikana naye nyumba amalandira gawo lonona la nyimbo popanda kulipira magetsi, ndipo popeza mawu a woimba amatsalira kuseri kwa khoma, iye amakhala ndi mwayi wogona chagada mpaka usiku pakati akulingalira kuti kodi nyimboyo ndi iti.

Adani a sabuwufa ali ndi malangizo awo, ndipo chilungamo chikufuna kuti amvedwe. Iwo amati munthu wa ndalama zochepa agule masipika awiri akale a matabwa olemera pamodzi ndi ampu yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo asanalipire anyamule bokosi kuti amve kulemera kwa maginito, aligogode ndi chala kuti aone ngati likulira ngati ng'oma kapena lili gwa, akankhe chipepala pang'onopang'ono kuti amve ngati koyilo ikukhula, ndi kuyang'ana ngati mphira wa m'mphepete sunafumbutuke. Amati aone nambala ya ma ohm, muyezo wa mmene sipika imakanira magetsi, kuti asamangirire sipika ya 4 pa ampu yofuna 8 n'kuitenthetsa. Apite ndi nyimbo imene amaidziwa bwino, aimvetsere motsitsa, ndipo ayesenso liwu la wowerenga nkhani pa wailesi, popeza khutu silinamizika pa liwu la munthu. Akafika kunyumba, amati, alumikize waya wofiira kofiira ndi wakuda kwakuda mbali zonse ziwiri, chifukwa akasemphanitsa mbali imodzi masipikawo amalimbana ndipo bezi imazimiririka, kenako awatalikitse pang'ono ndi khoma ndi kuwakweza kufika pa msinkhu wa makutu. Zonsezi n'zoona, ndipo wozitsatira adzamvadi nyimbo bwino pa ndalama zomwezo, koma adzakhala ndi mabokosi awiri akuda osathwanima, opanda polowetsa fulashi, opanda liwu lachikazi lija lolengeza m'Chingerezi chachilendo kuti Bluetooth yalumikizika, ndiponso olembedwa mawati 30 okha, nambala imene mlamu wake akadzabwera kudzacheza sadzaimvetsa.

Ngakhale imfa ya sabuwufa ndi yothandiza anthu. Ampu yaing'ono ikakakamizidwa kupitirira mphamvu zake imadula nsonga za mafunde a mawu, nyimbo imayamba kusasa, koyilo imatentha mpaka vanishi wokuta waya amapsa, ndipo tsiku lina, kawirikawiri pakati pa phwando la chinkhoswe, m'nyumba mumamveka fungo la pulasitiki wopserera ndipo bokosi limangotsala ndi timagetsi take tikuthwanimabe. Apa m'pamene amapezera chakudya amisiri okonza mawailesi a m'makonde a misika, amene amamatula chipepala, kukulunga koyilo yatsopano ndi manja n'kumatanso ndi guluu, kapena, koyilo ikakanika, kuchotsa sipika yonseyo n'kuikamo ina yochokera m'chitseko cha galimoto yakufa. Popeza sipika ya m'galimotoyo nthawi zina imakhala ya maginito olemererapo, bokosilo limabwerera kwawo likutha kusiyanitsa mawu a gitala ya bezi, ndipo mwini wake amalibweza kwa mmisiri tsiku lotsatira n'kukadandaula kuti lasiya kugunda.