Pailoti wapansi

Zotsatira za MSCE zitatuluka ndinapezeka ndi mapointi 28. Ku yunivesite sanandiitane, kumunda nako khasu linali litandiiwala. Ndinakhala zaka ziwiri kwa amalume ku Area 25, ndikudya nsima yaulere ndi kulemba makalata ofunsira ntchito amene ankangopita ngati mwala woponya m'chitsime.

Tsiku lina imodzi inayankhidwa. Kampani ina yothandiza apaulendo pabwalo la ndege la Kamuzu, ku Lumbadzi kuja, inkafuna achinyamata odziwa Chingerezi ndiponso omwetulira. Chingerezi ndinali nacho chongokwanira kufunsira njira. Kumwetulirako ndinayeserera pagalasi sabata yathunthu, mpaka akazi a amalume anayamba kunong'oneza amuna awo kuti mwina mphwawoyu wayamba kusuta fodya wamkulu.

Pa intavyu bwana anandifunsa ngati ndinakwerapo ndege. Ndinanena zoona, kuti ndaionapo kambirimbiri ikudutsa pamwamba pa munda wathu ku Dowa. Anaseka mpaka kuvula magalasi, nkundilemba. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti chinandilowetsa ntchito ndi chisoni chawo.

Uthenga unafika kumudzi utanenepa. Ine ndinangowauza amayi pafoni kuti ndapeza ntchito ku eyapoti, koma pofika Lamulungu mpingo wonse unali utamva kuti mwana wawo uja ndi pailoti. Tsopano ndege iliyonse ikamveka, agogo amatuluka m'nyumba nkuyamba kukupiza chitenje m'mwamba. Sindinawatsutse. Munthu wamkulu ngati uja umulande chimwemwe chake chifukwa chiyani?

Chonsecho chiwongolero changa ndi sikelo. Ndimaima pakauntala, tayi ili pakhosi, nkumaona ngati pasipoti yatsala ndi miyezi yosachepera 6 isanathe, ngati dzina la patikiti likufanana ndi la m'pasipoti, ndiponso ngati chikwama sichinapitirire makilogalamu 23. Mwezi woyamba womwewo ndinazindikira kuti Mmalawi sapita kunja yekha, amanyamula khitchini yonse.

Kunabwera mayi ena opita ku Johannesburg kukaona mwana wawo amene anali atangochira kumene. Chikwama chitakwera pasikelo, nambala inati 31.

"Amayi, katunduyu wapitirira ndi makilogalamu 8."

"Mwana wanga, sikelo yakoyi unaibwereka kwa mavenda ogula chimanga?"

Titatsegula, munali ufa woyera, usipa, mtedza, mfutso, mabotolo anayi a Nali, ndipo pamwamba penipeni panagona mthiko. Ndinafunsa mwaulemu ngati ku Joni kulibe mithiko.

"Iliko, koma nsima yanga siidziwa."

Kenako anandifunsa kwathu. Nditati ku Dowa, nkhope yawo inawala. "Ndiye ndiwe mwana wanga weniweni! Tachotsako pang'ono." Ankanena ngati tili mumsika wa Lizulu pa mulu wa tomato. Ndinawafotokozera kuti woyendetsa ndege ayenera kudziwa kulemera kwa zonse zimene wanyamula asananyamuke, ndipo kompyutayi ilibe mbale. Iwo anangoti "chabwino," nkuyamba kuvala. Majuzi awiri, jekete, zitenje zitatu, dzuwa la Okutobala lili phwee panja. Ufa wina unabwerera ndi mlamu wawo amene anawaperekeza. Pepala la usipa linang'ambika pomwe ndinkathandiza kulongedza, ndipo tsiku lonselo ndinalandira alendo ochokera ku London ndikununkha ngati doko la ku Senga Bay.

Koma ntchito yeniyeni imene amandilipirira ndi kupepesa. Ndapepesera mvula. Ndapepesera chifunga cha m'mizinda imene sindinaipondepo. Ndapepesera chikwama chimene chinatsala ku dziko la eni, ngati ndine ndinachibisa kunsi kwa bedi. Ine amene kwathu ndinkakana ngakhale mlandu wa shuga ali pamlomo!

Bambo wina wa suti, atamva kuti wafika kauntala itatsekedwa, anamenya tebulo. "Iwe, ukudziwa kuti ndine ndani?" Pasipoti yawo inali m'manja mwanga, ndiye ndinawawerengera dzina lawo lonse ndi tsiku lobadwa, poganiza kuti mkwiyo wawaiwalitsa. Masana omwewo ndinaitanidwa ku ofesi, kumene ndinaphunzira kuti pali mafunso ena osafuna yankho.

Madzulo ndege yomaliza ikanyamuka, ndimavula tayi nkuipinda m'thumba, kenako nkukadikira minibasi ya ku Kanengo pamsewu wa M1. Timakhala anayi pampando wa anthu atatu. Dzulo kondakitala anandikhazika thumba la mbatata pamiyendo, osayeza, osapepesa. Mawondo anga, amene tsopano ndi akatswiri, anati makilogalamu 30 osachepera. Ndisanatsegule pakamwa, iye anaona yunifolomu yanga nkukuwa kuti basi yonse imve: "Apailoti, tasunthani pang'ono, akwere amayiwa ndi nkhuku zawo!"