Sikelo ya Agogo Fulu pa Kachulu

Padangotero!

Tili tonse!

Pa doko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, pankakhala Katumbu, msodzi wa bwato limodzi, miono isanu ndi ana anayi. Nyanja imeneyi ili ndi khalidwe lakelake. Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe amathiramo madzi, koma palibe mtsinje wotulutsa, n'chifukwa chake madzi ake amamveka kamchere. Ndi yosaya, moti nsungwi yokankhira bwato imagunda pansi. Ikakondwa imapereka matemba, makumba ndi milamba mpaka madengu kuchepa. Ikakwiya imanyamuka osatsanzika.

Patsinde pa mkuyu pafupi ndi dokolo pankakhala Agogo Fulu ndi sikelo yawo ya mbale ziwiri. Nsomba sankayeza, ankayeza maganizo. Wofuna kugula ukonde, kubwereka munda wa mpunga ku sikimu ya Likangala, kapena kukamanga chimbowera pamadzi, ankayamba wafika pamkuyupo. Agogo ankamupatsa miyala n'kumufunsa mafunso atatu: "Udya chiyani? Utaya chiyani? Nanga chotsalacho alipira ndani?" Mwala uliwonse unkapita m'mbale yake, ndipo mbale yolemera ndiyo inkaweruza.

Chaka china, Disembala atangolowa, nyanja inatsekedwa monga mwa lamulo. Makoka onse anayenera kukhala kumtunda mpaka kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane. Tsiku lomwelo Kalulu anatsika pa kabaza kuchokera ku Zomba, chikwama chili m'khwapa, foni ili m'manja.

"Achimwene a Katumbu, mwakhala manja lende bwanji? Ku Limbe anthu akulira ndiwo. Mtengo wa beseni la matemba wakwera, wasiya denga kumbuyo."

"Nyanja n'njotseka, Che Kalulu."

"Yatsekedwa ndi loko wanji? M'nyumbamu muli masikito angati?"

"Atatu. Mayi a kunyumba analandira kusikelo ya ana."

"Basitu! Asokeni pamodzi, muzilowa usiku. Ndalama ya zingwe ndi ya anyamata okoka ndikukongozani ine. Inu muzingogulitsa kwa ine ndekha."

Katumbu anakanda m'mutu n'kunena kuti nkhani yotere iyambe yakwera pa sikelo ya Agogo. Kalulu sanakane. Atafika pamkuyu anagwada, n'kuomba m'manja mwaulemu wonse.

"Agogo, manja anuwa akunjenjemera. Inu muzingotchula, miyala ndiziika ndine."

M'mbale ya phindu Kalulu anaikamo chimwala cha mtengo wa beseni, china cha ukonde waulere, chinanso cha kusowa kwa opikisana nawo pamsika. Mbaleyo inagunda pansi kuti khu!

"Tsopano zotaya," anatero Agogo. "Chindapusa akagwidwa."

Kalulu anatola kamwala konga njere ya mapira. "Nyanja ndi yaikulu, Nkhwazi wolondera ndi mmodzi, ndipo naye amadya nsomba."

"Masikito sasankha. Akokolola ndi tiana tomwe ta nsomba, ngakhale mazira. Ika mwala."

"Agogo, kamwana ka themba mtengo wake ndi makwacha angati? Chopanda mtengo sichikwera pa sikelo." Mwalawo anauika pansi.

"Ana a Katumbu agona pamtetete, udzudzu wa kudambo kuno ukuudziwa. Ika mwala."

"Masikitowa anachokera kusikelo kale, ayezedwenso kawiri? Komanso lero wadwala ndani? Fodya wako ndi amene ali pamphuno." Uwonso anauika pansi.

"Nanga asodzi anzake amene akudikira Malichi?"

"Amenewo abwere ndi sikelo yawo."

Agogo anayang'ana miyala itatu ili pafumbi, n'kubweza mutu m'chigoba. Madzulo a tsikulo achule a m'mabango anayamba nyimbo:

Mwala mwausiya panjira,
pobwerera mudzaupeza ndi chala.

Chaka choyamba zinthu zinakoma. Katumbu anafolera malata, anagula wailesi, ndipo Kalulu ankamutchula kuti bwana. Kakowa ataona malatawo anasoka masikito ake. Vuwo anasoka ake, Ng'azi nayenso chimodzimodzi. Posakhalitsa usiku wa Disembala pa Chilwa pankachuluka nyali kuposa nyenyezi. Matemba anasefukira padoko, Kalulu n'kutsitsa mtengo, popeza onse anali ndi ngongole yake. Chaka chachitatu khoka linkabwera ndi ndere, nkhono ndi timatemba tosadzaza chikhatho.

Ndiye malungo analowa m'nyumba ya Katumbu. Mwana wamng'ono anathera sabata m'chipatala, wailesi inagulitsidwa kuti alipire njinga yamoto ndi chakudya cha womudikirira. Mkazi wa Katumbu anangoti, "Bambo a ana, mwala uja wa udzudzu ndi uwu. Simunausenze pamkuyu, mwausenzera pano."

Mu 2018, mvula itachepa zaka zotsatizana, nyanja inanyamuka. Pa Kachulu mabwato anakhala pamatope ong'aluka ngati mphika wakale, madzi ali kutali, cha ku Chisi. Kalulu anafika ndi kope lake la ngongole. Katapila samva zoti nyanja yaphwa. Anatenga bwato la Katumbu, anakanganula malata aja, zonse n'kukweza pa lole.

Asananyamuke anakokera Katumbu pambali. "Musalire, achimwene, bizinesi ina ilipo. Nsomba zotsala zathawira m'maiwe a Likangala ndi Domasi. Kuthiramo katupe kamodzi kokha, zonse ziyandama. Ngongole yotsala ithera pomwepo."

Katumbu anati, "Tiyeni pamkuyu."

Ulendo uno Kalulu atatambasula dzanja kuti atole miyala, Agogo anatulutsa mutu. "Manja angawa akunjenjemeradi, mdzukulu wanga, koma saponya mwala pansi. Lero aliyense aika wake."

Mbiri inali itamveka, ndipo pamkuyu panadzaza. Kalulu anaika chimwala chake cha phindu. Mkazi wa Katumbu anaika wake m'mbale inayo, poti madzi a m'maiwemo ndi omwe ana amamwa. Vuwo ndi Kakowa anaika yawo mitu ili pansi. Pomaliza kunabwera Mlamba wokalamba, akudzikhwekhwereza, thupi lonse matope okhaokha.

"Kale lija munatiyeza ife kulibe," anatero Mlamba. "Munati ana athu alibe mtengo. Lero beseni lopanda kanthu mukuligulitsa zingati?" Anakankhira mwala wake m'mbale ndi mutu wake wophwatalala uja.

Agogo anati, "Ine ndinaiona nyanjayi ikuuma mu 1968, ndinaionanso mu 1995. Nthawi zonse imabwerera, koma siibwera ndi nsomba m'thumba. Mbewu yake imakhala m'maiwe omwewa. Mu 1995 mafumu ndi asodzi anagwirizana zolondera maiwe n'kuletsa katupe, ndipo madzi atabwera nsomba zinabweranso. Wodya mbewu samudikira mvula."

Mbale ya zotaya inatsika mpaka chingwe kulira. Kalulu anayang'ana pafoni, n'kunena kuti akumufuna mwamsanga ku tauni.

Nyama zinalondera maiwe usana ndi usiku, zikudya therere ndi zigwada. Katumbu ankapita kukagwira ganyu m'minda ya mpunga. Mu Malichi 2019 kunagwa chimvula, mitsinje inasefukira, nyanja n'kubwerera pakhomo pake ngati sinachokepo. Pang'onopang'ono matemba anayamba kuoneka, ndipo Katumbu anayambiranso ndi miono iwiri ndi bwato lobwereka.

Tsiku lina padoko panaima galimoto yoyera. Munatsika Kalulu, atanenepa masaya, atavala kapusi ndi malaya ojambulidwa nsomba. Tsopano anali katswiri wophunzitsa asodzi kasamalidwe ka nyanja. Anasonkhanitsa nyama zonse pamkuyu, n'kupachika chipepala chachikulu pamwamba penipeni pa sikelo ya Agogo.

"Abale anga, kodi mukudziwa kuti Chilwa inalowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar? Mbalame zimachoka maiko akutali kudzatera pano. Koma inu mwaiwononga ndi masikito chifukwa cha umbuli. Lero ndakubweretserani nzeru yatsopano yochokera kunja."

Analemba mafunso atatu: Udya chiyani? Utaya chiyani? Nanga chotsalacho alipira ndani?

Maphunziro anatenga masiku atatu. Wophunzira aliyense ankalandira banzi ndi botolo la chakumwa, n'kudinda chala papepala. Kalulu ankalandira alawansi ya chakudya, ya malo ogona ndi ya mafuta. Tsiku lomaliza anajambulitsa chithunzi atakumbatira Agogo Fulu. Akukwera galimoto anakodola Katumbu n'kumunong'oneza:

"Achimwene, Disembala wayandikira. Nambala yanga ndi yomwe ija."

Galimoto itapita, Katumbu anakhala pansi pamkuyu. "Agogo, inu mumati wosiya miyala pansi adzapunthwa nayo. Nanga uyu bwanji chala chake chili bwinobwino? Nyanja itadzaza anadya, itauma anadya, lero yabwerera wadyanso. Kodi ameneyu sadziwa kuyeza, kapena sikelo yanuyi ndi yabodza?"

Agogo anatafuna banzi lawo pang'onopang'ono, poti mano anatha kale.

"Mdzukulu wanga, pa Kachulu ponse pano palibe wodziwa kuyeza ngati Kalulu. Sanalakwitsepo ndi kamodzi komwe. Mbale ya phindu inali yake, mbale ya zotaya inali yako. Iwe unangoiwala kufunsa kuti tikuyezera ndani."

Kaphuleni mbatata!

Yapserera!