Ichi Chakoma, Ichi Chakoma

Makolo athu, amene ankaona pusi akulumpha kuchoka pa nthambi iyi kunka pa iyo, nkhuyu ina ili m'kamwa, ina ili m'manja, maso ali pa yachitatu, anatisiyira mawu akuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Koma sanalote kuti mdzukulu wa pusiyo adzavala malaya, nadzakhala pa doko la Cobue, foni kudzanja lamanzere, mandasi kudzanja lamanja.

Taonani munthu ameneyu mu June kapena July, mwera ukaomba osapuma, mabwato atakokeredwa kumtunda, chilimila ali chipindire, Likoma akuoneka patsidyapo koma wosafikika, pamene mwini mafuta a injini akudutsadutsa pakhomo kufunsa za ngongole yake. Iye amene m'mawa sanadye chifukwa cha maganizo, masana nalumphanso, madzulo amagula chitumbuwa chimodzi chongolawa, natsatiza mandasi, natsitsira Frozy, ndipo pakati pa usiku mumamva chivundikiro chikulira pa mphika wa usipa umene mayi anasungira ana, kufikira ndi kondowole wa mkute yemwe atatha. Kukacha, nkhope ili gwa, amalengeza kuti m'nyumba munalowa mphaka.

Tisafulumire kumutcha wadyera, pakuti ngakhale Esau, amene anagulitsa ukulu wake ndi mbale ya mphodza, anachita zimenezo atabwera kuthengo wolefuka ndi njala. Madokotala amati nkhawa ikakhalitsa, thupi limachulukitsa cortisol, amene amautsa chibaba cha zotsekemera ndi zamafuta. Amatinso wodzimana chakudya usana wonse ndiye amene amagubuduza miphika usiku, nadzuka ndi manyazi, nalumbira kusala kudya, nagwanso m'dzenje lomwelo dzuwa likalowa.

Ku America, kumene jakisoni wa Wegovy analoledwa mu 2021 kuti azichepetsa thupi, anthu achuma amatontholetsa mimba ndi singano. Ife kuno, kumene ngakhale ulendo wa ku Metangula umafuna kuwerenga kaye meticais, tiyenera kufuna nzeru yotsika mtengo. Idyani katatu pa tsiku pa nthawi yake, nsima ndi ndiwo, chisoso kapena chigwada osachinyoza, ndipo mudye mutakhala pansi pamodzi ndi abale, pakuti dzanja limene likuonedwa limatema mbamu mwaulemu. Chibaba chikakugwirani, musalimbane nacho muli chiimire pafupi ndi mphika. Mwani madzi, tsikirani kunyanja mukasoke ukonde, kapena pitani ku bawo, popeza chibaba chimakwera ndi kutsika chokha munthu akachichedwetsa. Koposa zonse, itchuleni nkhawayo dzina lake pamaso pa mnzanu wokhulupirika, chifukwa ngongole siinachepepo ndi kale lonse mwa kuidyera mandasi.

Ndipo ngati kudya kosadziletsaku kukubwera sabata ndi sabata, kukusiyani ndi chisoni ndi kubisala, amenewo ndi matenda monga ena onse, osati tchimo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, pitani mukafotokoze kuchipatala. Mukatero ana adzapeza usipa wao m'mawa, ndipo mphaka, amene wasenza milandu yosapalamula nyengo yonse ya mwera, adzayamba kuyenda pabwalo mutu uli m'mwamba.